Katalitiki ya Galimoto ya Kwaya ndi Liwu la a Njuchi

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA KWAYA

Tsiku: Loweruka, pa 9 Malichi
Malo: Chipinda chosungiramo mipando ndi kiyibodi, kuseri kwa holo yomwe timaphunziriramo nyimbo
Nthawi yoyambira: 2:20 masana (tinapangana 2 koloko)

Amene analipo:
1. Mayi Wapampando
2. A Telala, Msungichuma
3. Aphunzitsi, ophunzitsa nyimbo ndi kutsogolera kwaya
4. A Njuchi, dalaivala wa galimoto ya kwaya komanso wopereka liwu loyambira nyimbo
5. Mlembi

Woitanidwa: A Makaniko, alamu awo a Mayi Wapampando (alibe voti)
Wopepesa: Wachiwiri kwa Wapampando, ali pa ntchito kuchipatala
Wosapepesa: Woimira oimba tena, kachitatu tsopano

1. KUTSEGULA

1.1 Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero lalifupi. Anati alifupikitsa dala chifukwa palibe amene anatsinzina, aliyense maso anali pa envelopu yomwe inali patebulo.

1.2 Zolembedwa za msonkhano wapitawo sizinawerengedwe. Mlembi anakumbutsa komiti kuti anazilemba ndi dzanja lake masamba anayi. Wapampando anati zidzawerengedwa mitima ikadzakhala m'malo.

2. KALATA YA MPIKISANO

2.1 Wapampando anawerenga kalata yotidziwitsa kuti kwaya yathu ili m'gulu la makwaya asanu ndi atatu omwe alowa ndime yomaliza ya mpikisano waukulu wa makwaya, womwe uchitike Loweruka pa 23 Malichi. Atangofika pa mawu akuti "tili okondwa kukudziwitsani", a Telala anakwera pampando n'kuyamba kuvina ndi tepi yoyezera zovala m'khosi. Aphunzitsi anakumbatira kiyibodi. Mlembi naye anakuwa, ndipo sakupepesa, poti takhala tikuyesa zaka zisanu ndi zinayi osafikako. Kalatayo inawerengedwa katatu, kachitatuko aliyense atakhala pansi.

2.2 Aphunzitsi anapempha kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri la m'kalatamo liwerengedwenso lokha. Lamuloli likuti palibe chida choimbira, foni kapena wezulo zomwe zidzaloledwe pa nsanja ngakhale kuseri kwake. Kwaya iliyonse idzayamba ndi liwu lochokera pakamwa pa mmodzi wa oimba ake, ndipo oweruza adzapereka mapointi pa kayambidweko.

2.3 Pofuna kuti wodzawerenga m'tsogolo amve, Mlembi akulemba pano kagwiridwe kathu ka ntchito. Kwa zaka khumi ndi zinayi, liwu loyambira nyimbo limachokera kwa a Njuchi. Tikafika pamalo oimbira amatitsitsa tonse, amazimitsa wailesi, n'kutsala okha m'galimoto mphindi zisanu injini ikulira. Kenako amatuluka akung'ung'uza chamumtima mpaka pa nsanja, osayankha moni wa munthu, ndiye gwero la dzina lawolo. Akaima kutsogolo n'kupereka liwu, ife timangolowa ngati pakhomo pathu. Makwaya anzathu amatichitira nsanje pa chimenechi.

2.4 Wapampando anati nkhani yabwinoyi yabwera ndi zopinga ziwiri zomwe komiti iyenera kuthana nazo lero. Choyamba, galimoto yalephera ku ofesi yoyeza magalimoto, ndipo chiphaso chake chikutha pa 20 Malichi. Chachiwiri, Lachinayi lapitali a Njuchi anaphonya liwu koyamba m'mbiri ya kwayayi, ndipo Aphunzitsi abweretsa ganizo loti pa mpikisano liwulo lidzaperekedwe ndi munthu wina. A Telala anati walira mvula walira matope.

3. LIPOTI LA A MAKANIKO

3.1 A Makaniko anaika patebulo chitsulo chooneka ngati buledi wamkulu, chokhala ndi paipi uku ndi uku. Anati dzina lake ndi katalitiki, chimakhala pa ekizozi kunsi kwa galimoto, ndipo ntchito yake n'kuyeretsa utsi usanatuluke. Anati chomwe tikuonachi n'chathu chakale, chomwe galimoto inabwera nacho kuchokera kufakitale. M'kati mwake mumakhala timabowo ting'onoting'ono ngati zisa za njuchi, topakidwa miyala yamtengo wapatali, koma tathu tinaphwanyika n'kutseka njira ya utsi. Ndiye chifukwa chake galimoto inkafooka pachitunda ndipo inalephera poyezedwa.

3.2 A Telala anafuna kuona ndi maso. Anachinyamula n'kuchigwedeza, ndipo mwaye wakuda unakhuthukira pa nsalu yoyera ya yunifolomu yatsopano yomwe anabweretsa kudzationetsa. Zomwe ananena a Telala pamenepo Wapampando analamula kuti zisalembedwe.

3.3 A Makaniko anati pali njira ziwiri. Yoyamba n'kugula katalitiki ya orijino, ya kampani yomwe inapanga galimotoyo. Imalowa m'malo mwake popanda kulimbana nayo, imakhalitsa, ndipo utsi umayera mosakayikitsa. Koma mtengo wake ungagule zamakampani ena zinayi, komanso m'sitolo mulibe, ayenera kuitanitsa, ndipo imatenga masiku khumi kapena khumi ndi awiri. Njira yachiwiri n'kugula yopangidwa ndi makampani ena, yomwe ilipo lero lomwe. Anati yoteroyo anaibwereka kwa mwini sitolo n'kuimangirira pa galimoto Lachitatu kuti tiiyese sabata imodzi, ndipo Lachitatu likudzali tiyenera kuilipira kapena kuibweza.

3.4 Wapampando anafunsa ngati yachiwiriyo si feki. A Makaniko anati, "Alamu, zamakampani enazi zili pawiri. Ilipo ina yongoti iliyonse, yodula paipi n'kuwotcherera. Imeneyo ine sindingakupatseni, pakatha miyezi itatu getsi la injini layaka, mukundiimbira foni ndili m'bafa. Koma iyi ndayikayi anaipangira mtundu wa galimoto yanu, mabawuti ake amagwa m'mabowo momwemo, ndipo ili ndi pepala la chitsimikizo cha chaka chimodzi. Siingafike zaka za ya orijino, sindikunamizani. Koma kuyezedwa idutsa."

3.5 Aphunzitsi anafunsa ngati n'koyenera kuti komiti izimvera malangizo a mlamu wa Wapampando, poti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wapampando anayankha kuti mlamu wawoyo ndi amene wakhala akukonza galimotoyo zaka zonsezi Aphunzitsi akugona pampando wakutsogolo. A Makaniko anaonjeza kuti kwa iwo phindu likanakhala pa ya orijino, ndipo akuuza komiti zoona chifukwa akuopa mkazi wawo, amene amaimba alto. Nkhaniyi inathera pomwepo.

3.6 A Makaniko anati galimoto pakali pano ili ku galaja kwawo, misewu itatu kuchokera pa holo, ataikweza pa jeke kuti aone mabuleki.

4. KUKAMBIRANA: YA ORIJINO KAPENA YA MAKAMPANI ENA

4.1 A Telala anati nkhaniyi njosavuta. Thumba la kwaya silingakwanitse ya orijino pamodzi ndi malo ogona anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi komanso yunifolomu. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo katalitiki yomwe ili kale kunsi kwa galimoto iposa ya m'kabuku ka zithunzi. Aphunzitsi anawakumbutsa kuti wosoka yunifolomuyo ndi iwo omwe. A Telala anati inde, ndipo akusoka usana wonse kwaulere, wina akafuna makina osokerawo abwere adzawatenge.

4.2 Mlembi anawerengera masiku pa kalendala. Tikaitanitsa Lolemba pa 11, ya orijino ifika pa 21 kapena pa 23, pomwe chiphaso chikutha pa 20 ndipo ulendo ndi wa pa 22. Mlembi anati kuwerengera koteroko ngakhale mwana wa sukulu angaone pomwe kukuthera.

4.3 Apa ndi pomwe a Njuchi anayankhula koyamba. Anati akufuna ya orijino basi. Anati galimoto ili ngati thupi la munthu, suikamo chiwalo cha mlendo. Wapampando anawafunsa ngati yobwerekayo ikuvuta pamsewu. Anati ayi, ikukoka bwino, pachitunda cha kumsika yakwera osasintha giya. Anafunsidwa ngati ikutulutsa utsi. Anati ayi. Anafunsidwa ngati getsi layaka. Anati ayi. Wapampando anati, "Nanga vuto n'chiyani, bambo?" A Njuchi anati ikulira moipa.

4.4 A Telala anaseka chikhakhali n'kunena kuti oweruza akamvera kwaya, sakamvera ekizozi. A Njuchi anapsa mtima, chinthu chomwe Mlembi sanaonepo chibadwire, ndipo Mlembi amawadziwa bwino poti ndi malume ake enieni. Anati ngati vuto ndi ndalama agulitsa njinga yawo yamoto ndi wailesi yakanema aonjezere. Ngati vuto ndi masiku, akwera basi iwo eni akaitenge komwe ikuchokerako.

4.5 Mlembi, yemwe amadziwa kuti njingayo ndi yomwe azakhali amapitira kuntchito, anaiwala udindo wake n'kunena kuti, "Malume, mwayamba liti misala? Mugulitse njinga chifukwa cha paipi?" Wapampando anakumbutsa Mlembi kuti muno mulibe malume, muli mamembala. Mlembi anabweza mawu akuti misala. Ena onsewo sanabweze.

4.6 Wapampando anaona kuti nkhaniyi siikuyenda, choncho anati iyambe yaima, tipite ku mfundo yachisanu, tibwererenso.

5. ZA LACHINAYI NDI GANIZO LA APHUNZITSI

5.1 Aphunzitsi anafotokoza zomwe zinachitika. Lachinayi tinayeserera ngati tsiku lenileni: tinakwera galimoto, tinazungulira, tinatsika, a Njuchi anatsala m'kati monga mwa masiku onse. Atalowa m'holo anapereka liwu lokwera kwambiri. Oimba besi anasangalala poti kwa iwo kunali kutsetsereka, koma titafika pa ndime yachitatu asopulano anangotsala pakamwa yasa, mawu osatuluka. Anayesanso kachiwiri, zinali chimodzimodzi.

5.2 Aphunzitsi anati akuyankhula mopanda chidani. Anati a Njuchi ndi munthu wamkulu, mwina khutu layamba kutopa, ndipo palibe manyazi pa zimenezo. Koma mpata uwu tauyembekezera zaka zisanu ndi zinayi, sitingauike pachiswe. Anapereka ganizo loti pa 23 liwu adzapereke ndi iwo eni Aphunzitsi, ndipo a Njuchi adzatithandize mbali ya kuyendetsa galimoto.

5.3 A Telala anafunsa ngati Aphunzitsi angathedi kupereka liwu popanda kiyibodi. Aphunzitsi anati pa maulendo asanu amalasa atatu. A Telala anati telala wolasa katatu pa kasanu amathamangitsidwa ndi makasitomala. Komabe anati ngati palibe njira ina avomereza ganizolo.

5.4 Wapampando anapempha a Njuchi kuti anenepo mawu voti isanachitike.

6. MAWU A A NJUCHI

6.1 A Njuchi anaimirira, anavula chipewa, n'kupempha kuti Mlembi alembe mawu awo momwe awanenere. Mlembi walemba motero.

6.2 "Mayi Wapampando, ine ndakhala ndikukunamizani. Liwu lija si langa, ndi la galimoto. Injini ija ikatentha bwino, itangoima osaponda mafuta, imalira liwu limodzi lomwelomwelo. Ine ndimakhala m'katimo kumvetsera mpaka lindilowe, kenako ndimalinyamula pakhosi osalitaya mpaka pa nsanja. Nyimbo ikafuna pamwamba kapena pansi ndimangowerenga masitepe kuchokera pamenepo. Basi. Mphatso yomwe mumanditamandira ija ndi imeneyo."

6.3 Anapitiriza kuti, "Inu ambiri simunalipo. Ine muno ndinabwera ngati dalaivala chabe. Mukamaimba ndinkatsala panja kulondera galimoto, kumvera nyimbo pawindo. Tsiku lina aphunzitsi akale aja anandipeza ndikung'ung'uza motsatira injini, anati, tabwerezanso. Ndinabwereza. Anathamangira pa kiyibodi, anapeza ndi liwu lenileni la nyimbo yomwe ankaphunzitsa. Anandigwira dzanja kundilowetsa m'holo. Ndikanati ndiwauze kuti ndabera injini? Ndinaopa kubwerera panja paja. Ndiye Lachitatu mwaikamo chitsulo chachilendochi, galimoto yasintha mawu, ine ndatha. Mukagula ya orijino mwina liwu langa libwerera. Mukapanda kugula, Aphunzitsi akunena zoona, ndikadikire ku galimoto."

6.4 Atatero anatulutsa kalata yotula pansi udindo n'kuiika patebulo, pambali pa katalitiki yakale ija. Mlembi akuvomereza kuti anamva chisoni kwambiri, ndiponso manyazi pa mawu aja ananena pa 4.5.

6.5 A Telala anati tsopano amvetsa komwe mafuta a mphindi zisanu zija ankapita. Palibe anaseka. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti yunifolomu ikhoza kudikira, tikaimbe ndi zakale, bola tigule ya orijino. Mlembi anagwirizana nawo, kalendala ija ataiiwala. Aphunzitsi anati mwina tibwereke minibasi ina ya ulendo, yathuyi ikafika katalitiki idzatitsatire pambuyo. Wapampando anayamba kufunsa ngati galimoto yopanda chiphaso ingakwezedwe pa lole n'kukatsitsidwa pakhomo pa holo ya mpikisano kuti ingolirako mphindi zisanu. Komiti inakambirana ganizo la loleli mozama, aliyense akulankhula nthawi imodzi, ndipo Mlembi sakunyadira kuti anatenga nawo mbali.

7. ZOMWE ANANENA A MAKANIKO

7.1 A Makaniko, omwe anakhala akukweza dzanja kwa nthawi ndithu, anamenya patebulo ndi sipanala. Anati, "Pepani akuluakulu, koma katalitiki siimba. Ikhoza kusintha kukula kwa phokoso, kulikhuthalitsa kapena kulipyapyalitsa, koma kukwera ndi kutsika kwa liwu kumachokera ku liwiro lomwe injini ikuzungulira. Lachitatu lija nditamanga katalitiki ndinatsukanso polowera mpweya, munali litsiro la zaka, ndiye ndinakweza pang'ono liwiro la injiniyo kuti isamazime pa maloboti. Wasintha nyimbo yanu ndine. Mukanagula ya orijino, ndalama zonsezo, ikanalira chimodzimodzi ngati Lachinayi."

7.2 Wapampando anati, "Alamu, ndiye osanena bwanji?" A Makaniko anati palibe anawauzapo kuti akukonza chida choimbira, iwo ankayesa ndi minibasi. Anati safunsa anadya phula, ndipo apa phulalo tatsala pang'ono kudyera limodzi komiti yonse.

7.3 A Makaniko anati kubweza injiniyo mwakale n'kotheka, n'kungopotokola kasikuluwu kamodzi, koma alibe chizindikiro cha pomwe inali. Anafunsa kuti kodi kale inkalira bwanji.

7.4 Popanda kupangana, Wapampando, a Telala, Aphunzitsi ndi Mlembi anayamba kung'ung'uza kulira kwa galimoto yathu. Tonse takhalamo zaka zambiri, ndipo tinadabwa kuona kuti tikugwera pafupifupi pamodzi. A Telala anaonjezera ndi kunjenjemera kwa chitseko chakumbuyo. A Makaniko anatchera khutu n'kunena kuti tipitirize, ayamba kuimva.

7.5 A Njuchi anali atakhala pansi, mutu uli m'manja. Osadzutsa n'komwe mutuwo, ananena mokwiya ngati munthu amene akumva wina akulakwitsa dzina la mwana wake, "Ayi, ayi, mwatsika nonse. A Telala ndiye mwapita kutali. Ndi apa." Ndipo anang'ung'uza.

7.6 Aphunzitsi anatambasula dzanja mwakachetechete, anayatsa kiyibodi, n'kudina liwu loyambira nyimbo yathu ya mpikisano. Mawu awiriwo anagonerana ngati ndi amodzi. Mlembi akufuna zidziwike bwino kuti nthawi imeneyo galimoto inali pa jeke, misewu itatu kuchokera pomwe tinali, injini itazizira.

7.7 Phokoso lomwe linabuka linaposa la kalata ija. A Telala anakweranso pampando. Wosamalira holo anasuzumira pakhomo kufunsa ngati kwagwa ngozi. A Njuchi okha ndi amene sankamvetsa chomwe tikukuwira, mpaka Aphunzitsi anawagwira phewa n'kuwauza kuti, "Bambo, galimoto kulibe kuno."

7.8 A Njuchi anati zangochitika mwamwayi. Aphunzitsi anati tiyese. Anawatulutsa panja, anawalowetsanso, anati perekani. Analasa. Anauza a Telala kuti agwedeze katalitiki yakale ija pafupi ndi khutu lawo, Wapampando akuimba nyimbo ina dala mokhotakhota. Analasanso. Kachitatu Aphunzitsi anadina dala liwu lolakwika n'kunena kuti ndi limeneli. A Njuchi anazengereza, anayang'ana pansi, kenako anati, "Pepani Aphunzitsi, koma chala chanu chaterereka." Aphunzitsi anaseka mpaka misozi.

7.9 Wapampando anafunsa kuti nanga Lachinayi chinachitika n'chiyani, ngati liwulo ali nalo m'mutu. A Njuchi anati, "Ndinamva ndithu kuti yakwera. Nditangokhala m'katimo ndinamva. Koma ndinati galimoto siinama, wonama ndine. Ndiye ndinasiya langa n'kutenga lake."

7.10 Aphunzitsi anati anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi akhala akukwera galimoto imeneyo n'kumangomva phokoso, munthu mmodzi yekha ndi amene anamvamo nyimbo, ndipo ngati limenelo si khutu iwo sadziwa khutu n'chiyani. Anabweza ganizo lawo la pa 5.2 ndipo anapepesa pa mawu a khutu lotopa. A Njuchi anati palibe mlandu, iwonso ankaganiza chomwecho.

8. ZOMWE KOMITI INAGWIRIZANA

8.1 Kugula katalitiki ya makampani ena yomwe ili kale pa galimoto, yolowa ndi mabawuti, ya pepala la chaka chimodzi. Ovomereza anayi (Wapampando savota), wokana palibe. A Njuchi ndi amene anayamba kukweza dzanja.

8.2 A Telala akalipire Lolemba ndipo asunge pepalalo pamalo pomwe mwaye sungafike. A Makaniko amalize mabuleki Lachiwiri. A Njuchi apititse galimoto kukayezedwa Lachitatu m'mawa.

8.3 Katalitiki yakale isatayidwe. A Makaniko anati ogula zitsulo amaifuna chifukwa cha miyala ija, ndipo akafunsa malo atatu asanagulitse. Zomwe zipezeke zigulire nsalu ina m'malo mwa yodetsedwayo.

8.4 Za ya orijino tidzakambiranenso chaka chamawa pepala likadzatha, titaona momwe iyi yagwirira ntchito.

8.5 A Makaniko anafunsa ngati abweze kasikuluwu kaja pomwe kanali. A Njuchi anati ayi, akasiye pomwe injini ikupeza bwino, isamazime pa maloboti.

8.6 Za kalata yotula pansi udindo, Wapampando anati iwo sanailandire, poti sinadzere kwa Mlembi monga mwa malamulo. Mlembi anati nayenso sangailandire poti manja ake atanganidwa ndi kulemba. Kalatayo inabwerera m'thumba la mwini wake.

8.7 Pa 23 Malichi a Njuchi adzaima kutsogolo n'kupereka liwu loyambira. Komiti yonse inavomereza.

9. ZINA NDI ZINA

9.1 Wapampando anapempha kuti woimira oimba tena alemberedwe kalata. Mlembi anati ailemba mokondwa.

9.2 Wapampando anafunsa a Njuchi ngati akufuna kuti mfundo yachisanu ndi chimodzi ichotsedwe m'zolembedwazi. Anati isachotsedwe, koma isawerengedwe kwa kwaya mpaka iwo eni atawauza anzawo Lachinayi ndi pakamwa pawo. Zinavomerezedwa.

9.3 A Njuchi anapemphanso kufunsa funso limodzi. Anati muno mwayenda bwino chifukwa muli anthu asanu ndi mmodzi odziwana. Kumeneko kukakhala holo yodzaza, magetsi m'maso, oweruza ndi zolembera m'manja. Anati, "Nanga ndikakaphonya?" Zinaonekeratu kuti mantha sanathe.

9.4 Anayankha ndi Aphunzitsi. Anati, "Mukakaphonya, tikaphonyera limodzi. Pomwe mukatiike ndi pomwe tikalowere, tonse khumi ndi asanu, osayang'anana. Koma liwulo likakhale lanu, bambo. Lanulo tikalitsata kulikonse." A Njuchi anavala chipewa, kenako anachivulanso.

10. MSONKHANO WOTSATIRA

Udzachitika Loweruka pa 16 Malichi, 2 koloko yeniyeni, m'chipinda chomwechi.

11. KUTSEKA

Wapampando anathokoza onse, makamaka alamu awo, ndipo anatseka msonkhano nthawi ili 4:35 madzulo. Anapempha kuti titsekere ndi ndime imodzi yokha ya nyimbo ya mpikisano. Aphunzitsi anazimitsa kiyibodi n'kuivundikira. A Njuchi anaimirira kutsogolo kwathu, anapuma mpweya kamodzi, n'kupereka liwu, ndipo tinalowa. A Makaniko, omwe amati saimba, analowa nawo pa besi. Tinaimba ndime zonse zisanu, ndipo tinatuluka m'chipindamo 5:10.

Wosaina: ______________________
Wapampando

Wosaina: ______________________
Mlembi